Vekitala si muvi chabe, ndiponso si mndandanda wa manambala

Wophunzira amene wamaliza sekondale m'dziko muno n'kupita ku yunivesite kukachita masamu kapena sayansi amafika ali nalo kale tanthauzo la vekitala m'mutu mwake. Mukamufunsa, amayankha mosadodoma kuti vekitala ndi chinthu chimene chili ndi kukula kwake komanso kolowera kwake, ndipo mukamupatsa choko amajambula muvi pabolodi. Akalowa m'kalasi ya linear algebra, nthambi ya masamu yophunzira za mavekitala, amamva zina, pakuti kumeneko amauzidwa kuti vekitala ndi mndandanda wa manambala olembedwa motsitsa m'mabulaketi. Pakapita masabata angapo, kawirikawiri semesita itapendekera kumapeto, pamabwera tanthauzo lachitatu lakuti vekitala ndi chilichonse cha m'gulu lotchedwa vector space, ndipo pabolodi pamalembedwa malamulo 8, kapena 10 malinga ndi mmene buku lawawerengera, amene gululo liyenera kutsata. Wophunzira amatsala ndi matanthauzo atatu osadziwa kuti lenileni ndi liti, ndipo ambiri amasankha kuloweza onse atatu n'kumayankha molingana ndi mmene funso la mayeso lafunsidwira.

Maganizo anga ndi akuti mwa atatuwa lachitatu lokha ndilo loyenera kutchedwa tanthauzo, ndipo muvi ndi mndandanda ndi zitsanzo chabe, ngakhale zili zitsanzo zofunika kwambiri. Ndikuonanso kuti tanthauzo limeneli liyenera kufika msanga, m'masabata awiri oyambirira a kosi, m'malo modikira mpaka wophunzira atazolowera kuganiza kuti vekitala ndi manambala. Koma lisafike lokha ngati lamulo logwa kumwamba. Lifike pambuyo pa zitsanzo zingapo zosafanana maonekedwe, kuti wophunzira aone yekha chimene chikuzigwirizanitsa.

Muvi ndiwo woyamba kufika, ndipo palibe chifukwa chounyozera. Msodzi wa ku Nkhata Bay akamapalasa bwato kulunjika kum'mawa pamene mwera ukumukankhira chakumpoto, bwatolo limadutsa pakati pa mbali ziwirizo, ndipo mivi iwiri yolumikizidwa mutu ndi mchira imasonyeza bwino lomwe kumene likathere. Mphamvu ya ma newton 3 ndi ina ya ma newton 4 zikamakoka chinthu chimodzi pa ngodya ya madigiri 90, chinthucho chimamva mphamvu ya ma newton 5, osati 7, ndipo palibe njira ina yosavuta yofotokozera zimenezi kwa mwana wa sekondale yoposa kujambula. Vuto silili pa chithunzicho. Lili pa chiganizo chimene timachimata pansi pake, chakuti chilichonse chokhala ndi kukula ndi kolowera ndi vekitala, pakuti chiganizo chimenechi si choona.

Magetsi a batire oyenda m'waya ali ndi kukula kwake, kumene timayeza ndi ma amp, ndipo ali nakonso kolowera, chifukwa amachoka uku kupita uko. Komabe mawaya awiri, wina wonyamula ma amp 3 ndi wina ma amp 4, akakumana n'kuthira m'waya mmodzi, m'menemo mumadutsa ma amp 7, kaya mawayawo akumana pa ngodya yotani. Limeneli ndi lamulo la Gustav Kirchhoff la m'chaka cha 1845, ndipo ophunzira a physics amalidziwa bwino. Manambala ndi omwewo, 3 ndi 4, koma kwa mphamvu tinapeza 5 pamene kwa magetsi tapeza 7, ndipo chimene chasiyanitsa si kukula kapena kolowera ayi, koma kaphatikizidwe kake.

Chitsanzo china mungathe kuchiyesa patebulo. Gonekani buku chikuto chili m'mwamba, kenako muliimike chilili kuti chikutocho chiyang'ane inu, mukatero mulizungulitse madigiri 90 monga chimazungulirira chitseko. Chikuto chiyang'ana kumbali. Bwererani poyambira, koma tsopano muyambe ndi kulizungulitsa madigiri 90 likadali chogonera, kenako muliimike monga poyamba. Chikuto chiyang'ana inu, bukulo litaimira m'mbali mwake. Kutembenuza kulikonse pa kuwiriku kuli ndi kukula, komwe ndi madigiri 90, kulinso ndi mzere umene kukuzungulirapo, choncho munthu atha kukujambula ngati muvi. Koma zotsatira zasintha chifukwa chongosintha choyamba ndi chachiwiri, pamene mavekitala enieni u ndi v amapereka chinthu chimodzimodzi kaya mwalemba u + v kapena v + u. Palinso vekitala ya ziro, imene vector space iliyonse imakhala nayo, koma ilibe kolowera kulikonse, kotero kuti tanthauzo la ku sekondale likatsatidwa mwa ndendende limataya kunja vekitala yofunika kuposa zonse.

Ngakhale kukula kumene timakutchula koyambirira sikuli mbali ya tanthauzo la vekitala. Mwini golosale wa ku Chibavi akaitanitsa matumba 2 a ufa, malita 5 a mafuta ophikira ndi mapaketi 3 a shuga, tikhoza kulemba oda yake ngati (2, 5, 3). Oda imeneyi ingaphatikizidwe ndi ya mnzake wa ku Zolozolo, ingachulukitsidwenso kawiri nyengo ya Khirisimasi ikayandikira, ndipo zonsezi zili ndi tanthauzo lomveka. Koma mukati mupeze utali wa vekitala imeneyi mwa njira ya Pythagoras mupeza square root ya 38, nambala imene siikuimira matumba, malita kapena mapaketi, ndipo ingasinthe mutangoyeza mafutawo ndi mabotolo m'malo mwa malita. Utali ndi ngodya zimabwera pokhapokha tawonjezera chida china, chotchedwa inner product, chimene timachita kusankha. Nkhani zambiri za linear algebra, monga span, basis, dimension, rank ndi ma eigenvalue, sizidalira chida chimenechi n'komwe.

Tanthauzo lachiwiri, la mndandanda wa manambala, lili ndi oliikira kumbuyo ambiri ndipo mfundo zawo ndi zolemera. M'chaka cha 1993 gulu la aphunzitsi a masamu a ku United States, mwa iwo David Carlson ndi David Lay, linafalitsa malangizo akuti kosi yoyamba ya linear algebra izikhazikika pa ma matrix, omwe ndi manambala osanjidwa m'mizere yopingasa ndi yotsika, chifukwa ambiri oiphunzira sadzakhala akatswiri a masamu koma mainjiniya, azachuma ndi a zamakompyuta. Mabuku ochuluka amene ali m'malaibulale athu ndi amene ophunzira amagawana pa WhatsApp amayenda m'njira imeneyi. Ndi zoona kuti mndandanda ndi chinthu chogwirika, kuti kompyuta imasunga mavekitala ngati manambala ondondozana, ndiponso kuti wophunzira sangapite patali osadziwa kuchita ndi manja ake row reduction, njira yothetsera ma equation pophatikiza mizere ya matrix. Sindikutsutsa kuti nthawi yochuluka ya kosi izithera mu Rⁿ, gulu la mindandanda yonse yokhala ndi manambala n. Chimene ndikutsutsa ndi kuuza wophunzira kuti manambalawo ndiwo vekitala yeniyeniyo.

Chimanga chimene chili m'nkhokwe ndi chomwecho, kaya wina wanena kuti ndi matumba 2 olemera makilogalamu 50 lililonse, kaya wina wanena kuti ndi makilogalamu 100. Nambala 2 ndi nambala 100 si chimanga, koma ndi zimene timapeza tikasankha muyeso. Mavekitala alinso choncho, kungoti muyeso wake, umene timautcha basis, umakhala ndi mbali zingapo. Tengani muvi umene timaulemba (3, 1) tikamayeza ndi sitepe imodzi kum'mawa ndi sitepe imodzi kumpoto. Wina akasankha kuyeza ndi mavekitala (1, 1) ndi (1, −1), muvi womwewo udzalembedwa (2, 1), chifukwa kutenga woyambayo kawiri n'kuphatikizapo wachiwiriyo kamodzi kukufikitsani pamalo omwe aja. Muvi sunasunthe, koma manambala asintha. Wophunzira amene anauzidwa tsiku loyamba kuti vekitala ndi manambala ake amasokonezeka akafika apa, ndipo kusokonezeka kwakeko n'komveka, chifukwa mwa tanthauzo limene anapatsidwa (3, 1) ndi (2, 1) ndi mavekitala awiri osiyana, pamene mphunzitsi tsopano akuti ndi imodzi. Sikuti mutu wa kusintha basis ndi wovuta mwa iwo wokha. Umavuta chifukwa umatsutsana ndi zimene zinanenedwa poyamba, ndipo kawirikawiri palibe amene amaima n'kuvomereza pamaso pa kalasi kuti tanthauzo loyamba lija linali losakwanira.

Mtengo wa chisokonezochi umalipidwa pa ma eigenvector, mavekitala amene matrix imangowachulukitsa ndi nambala osawachotsa pamzere wawo, omwe ndi chimake cha kosi yonse. Matrix yokhala ndi 2 ndi 1 pamzere woyamba, 1 ndi 2 pamzere wachiwiri, imaoneka ngati ikusakaniza manambala mwachisawawa. Koma mukayeza ndi basis ija ya (1, 1) ndi (1, −1), mupeza kuti ntchito yake yonse ndi kutalikitsa mbali yoyambayo katatu n'kusiya yachiwiriyo mmene ilili. Diagonalisation ndi imeneyi basi: kufunafuna muyeso umene ungachititse ntchito yomweyo kuoneka yophweka. Amene akudziwa kuti vekitala ilipo payokha, ndipo manambala ndi mmene taiyezera, amaimva nkhaniyi mosavuta. Amene sakudziwa amangoloweza kuti alembe P (matrix ya ma eigenvector), kenako D (matrix ya manambala owachulukitsira), kenako inverse ya P, ndipo akasokoneza dongosolo la zilembozo alibe poti n'kudzifunsira kuti aone ngati walakwa.

Ena amati popeza vector space iliyonse ya dimension n (kutanthauza kuti basis yake ili ndi mavekitala n) pa manambala wamba imafanana ndi Rⁿ, palibe chimene timataya tikangophunzitsa Rⁿ yokha. Theorem imeneyi ndi yoona, koma kufananako kumabwera pokhapokha mwasankha basis, ndipo kusankhako kuli m'manja mwanu. Polynomial yakuti 3 + 2x + x² ingalembedwe (3, 2, 1) tikayeza ndi 1, x ndi x². Tikayeza ndi 1, x − 1 ndi sikweya ya x − 1, monga amachitira amene akufuna kudziwa khalidwe lake pafupi ndi x = 1, polynomial yomweyo imakhala (6, 4, 1). Palibe mndandanda mwa iwiriyi umene uli woona kuposa unzake. Ndiponso theoremyo singanenedwe n'komwe ndi munthu amene sadziwa vector space ina kupatula Rⁿ, pakuti alibe choti afananitse nacho. Kuwonjezera apo, pali magulu ena, monga la ma function onse osaduka pakati pa 0 ndi 1, amene mndandanda uliwonse wokhala ndi polekezera sungawakwanire, ndipo wophunzira wa physics kapena engineering amakumana nawo akangofika pa ma series a Fourier.

Kuno ku Mzuzu tili ndi chifukwa chathuchathu choganizira bwino nkhaniyi. Mzuzu University, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo mu 1997 n'kutsegula zitseko zake ku Luwinga mu 1999, inatchuka pa masamu chifukwa cha coding theory, nthambi imene imafufuza njira zotumizira uthenga kuti ukafike bwino ngakhale zina zitasokonekera panjira. Ambuye John Ryan, amene anasankhidwa kukhala episkopi wa dayosizi ya Mzuzu mu 2016, anaphunzitsa masamu pa yunivesiteyi kwa zaka zambiri, ndipo kafukufuku wawo anali wa ma code amene Valerii Goppa anayambitsa mu 1970. Nthambi yonseyi ndi linear algebra, koma mulibe muvi ngakhale umodzi. Manambala ochulukitsira amachokera m'magulu okhala ndi polekezera, ndipo laling'ono kwambiri lili ndi 0 ndi 1 basi, mmene 1 + 1 amapereka 0.

Code imene Richard Hamming anafalitsa mu 1950 ali ku Bell Labs ikusonyeza bwino zimenezi. Pali njira 128 zolembera manambala 7 ondondozana pogwiritsa ntchito 0 ndi 1, ndipo mwa zimenezi Hamming anasankhamo 16 zimene zimapanga subspace, ndiye kuti vector space ya mkati mwa inzake, ya dimension 4. Ziwiri zilizonse mwa 16 zimenezi zimasiyana m'malo osachepera atatu, kotero kuti nambala imodzi ikasintha panjira, wolandira amatha kudziwa pamene palakwika n'kukonzapo. M'masamu a 0 ndi 1 amenewa vekitala iliyonse ikaphatikizidwa ndi iyo yomwe imapereka ziro, ndipo vekitala ngati (1, 1) ikachita dot product (kuchulukitsa manambala a pamalo ofanana n'kuphatikiza zotsatira) ndi iyo yomwe imaperekanso ziro ngakhale kuti si vekitala ya ziro. Kwa munthu amene amaona mivi, zimenezi ndi zosatheka, chifukwa pa mivi dot product ya ziro imatanthauza ngodya ya madigiri 90, ndipo muvi sungapange ngodya yotere ndi iwo womwe. Koma basis, dimension, rank ndi null space zonse zimagwira ntchito kumeneko monga mwa masiku onse, popeza sizinamangidwe pa chithunzi koma pa malamulo a kuphatikiza ndi kuchulukitsa. Ma QR code amene timajambula ndi foni amadalira ma code a Reed ndi Solomon, omwe manambala ake amachokera m'gulu la zinthu 256. Wina anganene kuti amenewa akadali mindandanda, ndipo akunena zoona, koma ndi mindandanda imene wophunzira wozolowera Rⁿ yokha sangadziwe kuti ndi ziti mwa zimene anaphunzira zikugwirabe ntchito ndi ziti zagwa, pokhapokha ngati akudziwa kuti theorem iliyonse inatsamira pa lamulo liti.

Mfundo yamphamvu kwambiri yotsutsa maganizo angawa imachokera m'mbiri ya masamu, ndipo sindikufuna kuipeputsa. Hermann Grassmann, mphunzitsi wa sukulu wa mumzinda wa Stettin, umene lero ndi Szczecin m'dziko la Poland, anafalitsa mu 1844 maganizo amene muli kale linear independence, basis ndi dimension, koma akatswiri a nthawi yake sanawasamale chifukwa anali ovuta kuwatsata. Anawalembanso mwatsopano mu 1862 ndipo zinthu sizinasinthe kwenikweni, moti mbiri yaikulu imene anaipeza ali moyo inachokera ku ntchito yake ya chilankhulo cha Sanskrit. Giuseppe Peano wa ku Turin analemba malamulo a vector space mu 1888 pafupifupi mmene tikuwadziwira lero, anaperekanso ma polynomial ngati chitsanzo, koma nayenso sanatsatidwe msanga. Pa nthawi yomweyo njira ya mivi ya Josiah Willard Gibbs ndi Oliver Heaviside, imene inaphuka m'zaka za m'ma 1880 kuchokera ku ma quaternion amene William Rowan Hamilton anatulukira ku Dublin mu 1843, inafalikira pakati pa a physics chifukwa inali yothandiza pompopompo. Malamulo a Peano aja anayamba kulandiridwa pambuyo pa ntchito ya Hermann Weyl ya mu 1918 ndi ya Stefan Banach ya mu 1922. Ngati akatswiri anatenga zaka zoposa 70 kuti alandire maganizo amenewa, akutero otsutsa, n'kulakwa kuyembekezera kuti mwana wochokera ku Fomu 4 awalandire m'masabata awiri.

Ine mbiri yomweyi ndimaiwerenga mosiyana. Malamulo a Peano anakhala osagwiritsidwa ntchito pamene anthu analibe vuto lofuna malamulowo, ndipo analandiridwa pamene akatswiri anayamba kugwira ma function ngati zinthu zophatikizika, n'kuona kuti akubwereza umboni womwewo m'magulu osiyanasiyana. Chimene chinasowa si nzeru koma chifukwa. Wophunzira wathu nayenso amakana malamulowa akawalandira opanda chifukwa, ndipo kuwachedwetsa mpaka sabata ya 9 kapena ya 10 sikumupatsa chifukwacho. Kumangomupatsa nthawi yoti azike mizu m'tanthauzo losakwanira, ndipo malamulowo akafika amaoneka ngati mutu wapadera wobwera mochedwa, woti n'kungouloweza mayeso ali pafupi.

Chifukwa chimenechi chingaperekedwe m'masiku ochepa oyambirira. Mphunzitsi aike pabolodi zinthu zinayi zosafanana: mivi ya pa pepala, maoda a golosale aja, ma polynomial osapitirira x², ndi mindandanda yosatha imene nambala iliyonse imapezeka pophatikiza ziwiri zapambuyo pake. Chachinayichi ndimachikonda kuposa zonse chifukwa chimadabwitsa. Mndandanda wa Fibonacci, 1, 1, 2, 3, 5, 8, ndi wa Lucas, 2, 1, 3, 4, 7, 11, yonse imatsata lamulo limeneli. Mukaiphatikiza nambala ndi nambala mupeza 3, 2, 5, 7, 12, 19, ndipo wophunzira atha kuona yekha kuti nawonso ukutsata lamulo lomwelo. Mukachulukitsa uliwonse ndi 10, lamulo silisweka. Ndipo ngakhale mndandanda uliwonse uli ndi manambala osatha, manambala awiri oyambirira ndiwo amalamula ena onse, kotero kuti gulu lonseli lili ndi dimension 2, chimodzimodzi mivi ya pa pepala. Wophunzira akaona kuti chinthu chopanda polekezera chikuchita ngati pepala lafulati, amafuna kudziwa chifukwa chake, ndipo funso limenelo ndilo khomo lolowera ku tanthauzo.

Pamenepo mphunzitsi afunse kalasi kuti zinthu zinayizi zikufanana pati. Yankho silichedwa: m'gulu lililonse tingaphatikize ziwiri n'kupeza chinthu cha m'gulu lomwelo, tingachulukitse chimodzi ndi nambala n'kukhalabe momwemo, muli chinthu chimene chikaphatikizidwa sichisintha kanthu, ndipo chilichonse chili ndi chinzake chochifafaniza. Malamulo otsalawo, akuti dongosolo la kuphatikiza lilibe kanthu ndi akuti kuchulukitsa kumagawika pa zophatikizidwa, ophunzira amakhala akuwagwiritsa kale ntchito osawatchula. Tanthauzo limene ndingafune kuti lilembedwe m'makope ndi lakuti vector space ndi gulu la zinthu pamodzi ndi njira yoziphatikizira ndi njira yozichulukitsira ndi manambala, zimene zikutsata malamulo amenewa, ndipo vekitala ndi chinthu chilichonse cha m'gulu lotero. Chotsatira chake n'chakuti funso lakuti kodi ichi ndi vekitala lilibe yankho mpaka wofunsayo atanena gulu limene chinthucho chilimo ndi mmene akuphatikizira. Wophunzira ayenera kuuzidwa zimenezi poyera, chifukwa n'zosiyana ndi mmene anazolowera kuti chinthu chimadziwika ndi maonekedwe ake.

Zitsanzo za magulu amene alephera ndi zofunika mofanana ndi za amene apambana. Ma polynomial amene mphamvu yawo yaikulu ndi x² ndendende sapanga vector space, chifukwa x² + 1 ndi −x² + x akaphatikizidwa amapereka x + 1, yemwe watuluka m'gulu. Mayankho a x + y = 1 nawonso amalephera, popeza (1, 0) ndi (0, 1) onse ndi mayankho koma (1, 1) si yankho, pamene mayankho a x + y = 0 amapambana. Kwa kalasi imene yayamba kudzidalira, pali chitsanzo china chimene chimagwedeza bwino: tengani manambala onse oposa ziro, munene kuti kuphatikiza kwathu kudzakhala kuchulukitsa kwa masiku onse, ndipo kuchulukitsa x ndi c kudzakhala kukweza x ku mphamvu ya c. Malamulo onse amakwaniritsidwa. M'gulu limeneli 2 kuphatikiza 3 ndi 6, vekitala ya ziro ndi nambala 1, ndipo chofafaniza 5 ndi 1/5. Si masewera chabe, pakuti chimene chikulumikiza gululi ndi mzere wa manambala wamba ndi logarithm imene ophunzirawo anaiphunzira ku sekondale.

Pali chizolowezi chimodzi chimene chimaipitsa mbiri ya malamulowa, ndicho kufunsa wophunzira kuti atsimikizire limodzilimodzi kuti gulu lakutilakuti likukwaniritsa onse 10. Ntchito imeneyi ichitike kamodzi kapena kawiri kuti munthu alawe, koma ikasanduka funso la chaka ndi chaka imaphunzitsa kuti vector space ndi fomu yodzaza. Phindu la malamulo lili pa zimene amatipatsa: kuti umboni umodzi wakuti ma basis onse a gulu limodzi ali ndi chiwerengero chofanana cha mavekitala umakwanira mivi, ma polynomial, ma code a Hamming ndi mayankho a y″ + y = 0 nthawi imodzi. Wophunzira akadzafika pa ma differential equation n'kumva kuti yankho lililonse la equation imeneyi ndi sin x wochulukitsidwa ndi nambala kuphatikiza cos x wochulukitsidwa ndi nambala ina, ayenera kuzindikira kuti akuuzidwa za basis ya gulu la dimension 2, osati kuziona ngati chinsinsi chatsopano.

Ndiwonjezere kanthu kamodzi kamene kamasiyidwa kawirikawiri, ndiko kusiyana kwa malo ndi vekitala. Ulendo wochoka ku Mzuzu kupita ku Ekwendeni ungaphatikizidwe ndi wochoka ku Ekwendeni kupita ku Karonga, koma Mzuzu sangaphatikizidwe ndi Karonga, monganso chaka cha 1997 sichingaphatikizidwe ndi cha 1999 n'kupereka chaka chatanthauzo, ngakhale kusiyana kwake, zaka 2, kuli ndi tanthauzo. Mndandanda wa manambala umabisa kusiyana kumeneku chifukwa malo ndi ulendo zonse zimalembedwa mofanana m'mabulaketi. Tanthauzo lotsamira pa kuphatikiza limakuulula nthawi yomweyo.

Ambiri mwa amene amaphunzira linear algebra mumzinda uno akukonzekera kukaphunzitsa ku sekondale, ndipo zimene amva n'zimene adzanene pamaso pa ana kwa zaka zambiri. Sindikunena kuti mwana wa Fomu 4 apatsidwe malamulo a Peano. Silabasi yake ikufuna mivi ndi manambala awiri m'mabulaketi, ndipo n'zokwanira pa msinkhu umenewo. Koma mphunzitsi amene akudziwa tanthauzo lonse amalankhula mosamala: amanena kuti mphamvu ndi liwiro lolunjika kwina ndi zitsanzo za mavekitala chifukwa zimaphatikizika monga mivi, ndipo mwana wochenjera akafunsa za magetsi a m'waya samuyankha kuti angoloweza. Kusintha kumeneku ndi kwa chiganizo chimodzi chokha, ndipo sikufuna buku latsopano kapena ndalama.

Funso lotsala ndi la nthawi, pakuti semesita ndi yaifupi, makalasi ndi aakulu, ndipo mphunzitsi aliyense anganene kuti palibe pomwe angalowetse masiku atatu kapena anayi a zitsanzo zimenezi. Nthawiyo ilipo, koma ikuthera pa zinthu zimene phindu lake ndi lochepa. Kupeza determinant ya matrix ya mizere 4 kapena 5 pogwiritsa ntchito ma cofactor, kuthetsa ma equation atatu ndi lamulo la Cramer mobwerezabwereza, ndi kupeza inverse kudzera mu adjoint ndi ntchito zimene zimadya maola ambiri, chonsecho mapulogalamu a kompyuta othetsa ma equation ambiri sayenda m'njira zimenezi koma amadalira elimination, ndiyo row reduction ija, yomwe wophunzira amaidziwa kale. Chitsanzo chimodzi cha njira iliyonse chikwanira kuti adziwe kuti ilipo. Maola opulumutsidwawo apite kumayambiriro a kosi, ndipo pa mayeso, m'malo mwa determinant yachisanu, pakhale funso lopatsa wophunzira mndandanda wa 3, 2, 5, 7, 12, 19 n'kumuuza kuti aulembe ndi manambala awiri poyeza ndi mindandanda ya Fibonacci ndi Lucas, kenako aulembenso poyeza ndi mindandanda yoyamba ndi 1, 0 ndi 0, 1, ndipo afotokoze chifukwa chimene (1, 1) ndi (3, 2) akuimira vekitala imodzi.